"Ukafika pa 1,000 tidzakambe": kodi malire a ma subscriber pa kolabo ndi achilungamo?

Mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Kawale, amene ndimamuthandiza kudula ndi kulumikiza makanema ake, anafika kwathu nkhope itagwa. Iyeyu amajambula tinthabwala tatifupi: kondakitala wozemba kubweza chenji, landilodi wogogoda mwezi usanathe, apongozi otulukira osanena. Anangondipatsa foni kuti ndiwerenge ndekha. Anali atalembera mnzake wa ku Area 49, wopanganso zoseketsa, kumupempha kuti ajambule kanema mmodzi limodzi. Yankho lake linali laulemu ndithu: "Aise, ntchito yako ndaiona, ili bho. Koma ine kolabo ndimapanga ndi anthu oyambira ma subscriber 1,000. Ukafika pamenepo tidzakambe." Ma subscriber ndi anthu amene adina batani lotsatira tchanelo cha munthu pa YouTube. Wa ku Kawaleyo ali ndi 340. Wa ku 49 ali ndi 2,600.

"Achimwene, taonani kudzimvaku," anatero. "Tonse tikudya bonya yemweyu, wina n'kumadziyesa wailesi yakanema." Ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, chifukwa mnzakeyo ali ndi ufulu wonse wosankha wogwira naye ntchito, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Chimene ndikutsutsa ine ndi sikelo imene wagwiritsa ntchito. Akuyeza chimanga ndi thumba osayang'ana ngati m'katimo muli chimanga kapena zitsononkho.

Nambala ya 1,000 imeneyi sanaipeke yekha. Inachokera ku YouTube komweko. Kale munthu ankatha kuyatsa malonda pa makanema ake ngakhale atangotsegula tchanelo dzulo. Mu 2017 makampani akuluakulu anayamba kuchotsa malonda awo ataona kuti akuonekera pambali pa makanema olimbikitsa chidani ndi uchigawenga. Mu Epulo chaka chomwecho YouTube inalamula kuti tchanelo chiyambe chaoneredwa maulendo 10,000 chisanayambe kulandira ndalama, ndipo mu Januwale 2018 inalimbitsa chingwe: ma subscriber 1,000, kuphatikizapo maola 4,000 amene anthu aonera makanema ako m'miyezi 12 yapitayo. Cholinga chinali kuteteza otsatsa malonda ndi kupeza mpata woona ngati tchanelo ndi chenicheni kapena ndi cha munthu wongoba makanema a eni. Palibe amene ananena kuti wofika pa 1,000 ndiye waluso, kapena kuti wa 999 sangaseketse anthu. Ifeyo ndi amene tinatenga mpanda wa kampani, womangidwa pa zifukwa zake, n'kuusandutsa muyezo wa ulemu pakati pathu.

Ndipo mwini mpandayo amausuntha akafuna. Pamene YouTube inkayamba kulola anthu kuulutsa pompopompo kuchokera pa foni mu 2017, inkafuna ma subscriber 10,000. Inatsitsa n'kufika pa 1,000, ndipo lero 50 okha akukwana. Mu Juni 2023 inatsegula khomo laling'ono la ma subscriber 500, makanema atatu m'masiku 90, ndi maola 3,000, lolola munthu kulandira chithandizo kuchokera kwa oonera ake ngakhale asanayambe kugawana nawo ndalama za malonda. TikTok nayo imafuna pafupifupi otsatira 1,000 kuti munthu aulutse pompopompo, ndiye nambalayi yatilowa m'mutu kuchokera mbali ziwiri. China chimene chinakoleza moto ndi chakuti kuyambira Julayi 2022 YouTube inaletsa kubisa chiwerengero cha ma subscriber. Kale woyamba kumene ankatha kubisa umphawi wake mpaka atakula. Pano nambala ili pachipumi, aliyense amayamba kuona iyoyo asanaone kanema ngakhale mmodzi.

Mlandu wa wokanayo

Tiyeni timumvere kaye wa ku 49, poti mlandu suweruzidwa ndi mbali imodzi. Kolabo kwenikweni ndi kusinthana anthu. Iwe undionetsa kwa oonera ako, ine ndikuonetsa kwa anga, ndipo ena mwa iwo awoloka. Tingoyerekeza: kanema aliyense wa wamkuluyo amaoneredwa ndi anthu 2,000, wa wamng'onoyo ndi anthu 200, ndipo pa anthu 100 alionse asanu amawoloka. Wamng'ono apeza anthu 100 atsopano. Wamkulu apeza 10. Onse atuluka thukuta lofanana, ataya Loweruka lomwelo, koma wina wabwerako ndi dengu, wina ndi kambale. Masamu amenewa si matama, ndi zoona.

Aliyense amene anakhalapo m'chipereganyu akudziwa kuti gulu limayenda bwino anthu akamasonkha ndalama zofanana. Wolandira malipiro aang'ono samulowetsa m'gulu la oponya zambiri, osati chifukwa chomuda, koma chifukwa tsiku lolandira likafika padzakhala kuyang'anana. Wokana kolabo akuganiza chimodzimodzi. Ine sindimupeza cholakwa pamenepo. Vuto, monga tionere, ndi lakuti m'chipereganyu K20,000 ndi K20,000, pamene ma subscriber 1,000 a uyu ndi 1,000 a uyo akhoza kusiyana ngati mbuzi zamoyo ndi zikopa.

Komanso kujambula mu Lilongwe muno si kwaulere. Mzindawu ndi wotambalala, malo ali patalipatali. Kuchoka ku Kawale kupita ku Gulliver, ku Area 49, ndi minibasi ziwiri, kutsikira kaye m'tauni, ndipo mafuta akasowa mtengo umakwera pomwepo. Ukachedwa ndiye kabaza wa njinga yamoto. Ufike kumeneko upeze magetsi azima, batire ya foni ili theka, dzuwa likupendeka. Kenako pali usiku wonse wokonza kanemayo, ndi bandulo yomuikira pa intaneti. Potsatira malangizo a YouTube, kanema wooneka bwino (1080p) wa mphindi 10 amalemera pafupifupi 600MB, ndipo netiweki ikaduka pakati mtima umakhala m'mwamba. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kamaikolofoni kopanira pa malaya, nyale yozungulira ija ndi foni ya kamera yabwino zonse zinathawa m'manja mwa achinyamata ambiri, poti n'zochokera kunja. Munthu amene amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu ali ndi ma Loweruka anayi okha pa mwezi. Akapereka limodzi kwa iwe, wapereka gawo lalikulu la mwezi wake.

Pali chifukwa chinanso chimene anthu sachitchula poyera. Nambala imagwira ntchito ngati sefa. Anthu ambiri amatsegula tchanelo ndi moto, kuika makanema anayi, kenako zii. Ena amapangana nawe 9 koloko, n'kufika 1 koloko alibe ngakhale ganizo la chimene mujambule, akungoti "tingoona pompo". Amene wafika pa 1,000, mwina, wapirira miyezi ingapo ndipo akudziwa kuwawa kwake. Kwa atsikana nkhaniyi ndi yolemera kuposa pamenepa. Mlongo wina amene amajambula zophikaphika ku Area 25 anandiuza kuti ambiri omulembera kuti "tipange kolabo" sakhala akufuna kanema ayi. Kunena kuti "ndimafuna wa ma subscriber akutiakuti" ndi njira yake yotsekera chitseko popanda kutukwanizana ndi munthu. Mpanda woterewu ine sindingaugwetse, ndipo amene akudandaula nawo adzifunse kaye chimene amafuna.

Koma subscriber ndi ndani?

Subscriber ndi munthu amene tsiku lina anadina batani. Basi. Sizitanthauza kuti akuonerabe, kapena kuti foni imene anadinira ija akadali nayo. Mu Januwale 2018 Neal Mohan, amene panthawiyo ankayang'anira zopangapanga za YouTube ndipo pano ndi mkulu wa kampaniyo, ananena kuti nthawi yoposa 70 peresenti imene anthu amathera pa YouTube imachokera ku makanema amene makina a YouTube awasankhira okha. Makinawo sayang'ana kwambiri kuti uli ndi ma subscriber angati. Amayang'ana ngati anthu akudina kanema wako akamuona, ngati akukhalitsa, ndiponso ngati akubweranso. N'chifukwa chake mupeza tchanelo cha anthu 5,000 chimene kanema wake watsopano waoneredwa ka 150 patatha sabata, ndi china cha anthu 300 chimene kanema aliyense amadutsa 900. Mwa awiriwa, wobweretsa anthu pa kolabo ndi wachiwiriyu, koma lamulo la "1,000 kupita m'mwamba" limulandira woyambayo ndi manja awiri n'kumubweza wachiwiri pachipata.

Ndipo nambalayi imatupa mosavuta. M'magulu a WhatsApp muli mwambo uja wa "ndidinire nane ndikudinire". Anthu 200 amadinirana usiku umodzi, palibe amene adzaonere mnzake. YouTube imauwerenga mchitidwewu ngati chinyengo, pamodzi ndi kugula ma subscriber, ndipo nthawi ndi nthawi imasesa maakaunti abodza. Ena amadzuka m'mawa nambala itaphwa. Choipa kwambiri n'chakuti anthu odina mwaulemu chabewa amapweteka tchanelo: kanema watsopano akaonetsedwa kwa iwo n'kumudumpha, makina amaona ngati kanemayo ndi wosakoma. Palinso ma subscriber obwera ndi ka Shorts (timakanema tatifupi ta YouTube) kamodzi kamene kanaphulika. Amenewa ndi anthu enieni, koma anakonda masekondi 20 a mbuzi yothamangitsa wapolisi wa pamsewu, sanalonjeze kukhala pansi mphindi 12 kumvera nkhani yako. Ndiye mukaika malire a 1,000, mukulimbikitsa wamng'ono kuchita chiyani? Kukagula kapena kukapemphetsa. Lamulo loti lisefe anthu osakhazikika limathera pokweza achinyengo.

Kwathu kuno palinso anthu ambirimbiri oonera amene nambala siiwaona n'komwe. Kuti munthu adine batani lija ayenera kukhala atalowa ndi akaunti ya Google, ndipo si onse amasamala zimenezo. Foni imodzi imaoneredwa ndi banja lonse, kapena anyamata asanu pa benchi ya ometa tsitsi ku Mchesi, koma YouTube iwerenga munthu mmodzi. Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook paokha, otsikirako mtengo, ndiye kanema wabwino amatsitsidwa kamodzi n'kuyamba kuyenda m'magulu a mpingo, a kuntchito, a anthu a mudzi umodzi. Ena amakamutenga kwa anyamata oika nyimbo ndi makanema m'mamemori khadi kumsika. Pali anyamata amene pa YouTube ali ndi anthu osakwana 500, koma akadutsa pa depoti makondakitala amawaitana ndi dzina la m'sewero. Kutchuka kumeneko n'kwenikweni, ndipo wa shopu amene akufuna kutsatsa malonda ake ku Biwi akukudziwa bwino kuposa mmene nambala ikukudziwira. Kuyeza Mmalawi ndi ma subscriber a YouTube okha kuli ngati kuwerenga anthu a pamaliro poyang'ana amene alemba m'buku la chipepeso.

Chinthu china chimene masamu a kusinthana aja amabisa ndi chakuti anthu ako ndi anga akhoza kukhala omwewo. Oonera makanema a Chichewa pa YouTube si nyanja yopanda malire. Ndi achinyamata a m'matauni athu okhala ndi bandulo, abale athu a ku Joni ndi maiko ena amene amasowa kwawo, ndi anzathu a ku Chipata, Lusaka ndi Tete amene chilankhulo timamvana. Anyamata awiri opanga nthabwala za minibasi mu Lilongwe, aliyense ali ndi 2,000, n'kutheka kuti theka la anthu awo ndi amodzimodzi. Akapanga kolabo asangalatsa anthuwo, koma palibe watsopano amene abwere. Pamene mayi wa ma subscriber 300 wophunzitsa kuphika futali ndi chigumu ali ndi anthu amene wanthabwala uja sanawafikepo chibadwire. Khumi ochokera kumeneko ndi khumi enieni. YouTube Studio, tsamba limene mwini tchanelo amaonerapo ziwerengero zake, imaonetsa, tchanelo chikakula pang'ono, matchanelo ena amene oonera ako amakonda. Ukapeza mnzakoyo ali pamwamba pa mndandandawo, dziwa kuti mukugawana nsima ya m'mbale imodzi.

Pamene pagona chilungamo

Funso limene anthu amayambanirana pambuyo pake si la ma subscriber. Ndi lakuti kanemayo akhala pa tchanelo cha ndani. Maola 4,000 aja ndi mphindi 240,000. Ngati anthu amaonera kanema wako mphindi zitatu asanachoke, ukufunika kuoneredwa ka 80,000 m'chaka chimodzi. Kwa ambiri phiri lenileni ndi limeneli, osati 1,000 uja, ndipo maola a Shorts oonera anthu akungopsepsereza chala sawerengedwa pamenepa. Mphindi iliyonse ya kanema wa kolabo imapita kwa amene wamuika pa tchanelo chake. Choncho wamkulu akaitana wamng'ono, n'kujambula kanema mmodzi yekha, n'kumuika kwake, ndiye kuti watenga maola onse, ndipo wamng'onoyo wangolandira dzina m'munsi mwa kanema, pamalo pamene ambiri satsegula n'komwe. Apa amene wadyeredwa ndi wamng'ono, ngakhale kuti poyamba zimaoneka ngati akuchitiridwa chifundo. Njira yakale yothetsera zimenezi ndi kujambula makanema awiri tsiku lomwelo, wina kwa uyu wina kwa uyo, aliyense wotumiza anthu kwa mnzake, ndi kuwatulutsa nthawi imodzi. Instagram inabweretsa Collab mu 2021, yolola chinthu chimodzi kuoneka pa masamba a anthu awiri, ndipo mu 2025 YouTube nayo inayamba kulola mwini kanema kuitana matchanelo ena kuti mayina awo aoneke pansi pa mutu wa kanemayo. Zimathandiza, koma kanemayo amakhalabe wa amene wamuika, ndipo ndalama zake zimapita komweko.

Ndinene pang'ono za ndalamazo, poti ambiri amaziwerengera zisanabwere. YouTube imapatsa mwini kanema 55 peresenti ya ndalama za malonda pa makanema aatali, ndipo AdSense, njira imene Google, mwini wa YouTube, imalipirira, siitumiza kanthu mpaka zitakwana madola 100. Komanso pulogalamu yogawana ndalama za malondayi siili m'dziko lililonse. Pali mndandanda wa maiko ololedwa, momwe muli Kenya, Nigeria, South Africa, Tanzania, Uganda ndi Zimbabwe mwa ena, ndipo wanzeru amayamba wauwerenga asanalonjeze mnzake gawo. Kwa ambiri a ife ndalama yoyamba siichokera ku Google. Imachokera kwa mwini saluni, wogulitsa kaunjika kapena wa malo odyera amene watumiza kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umutchule. Ndalama imeneyo ikabwera chifukwa cha kanema amene munapanga awiri, igawidwa bwanji? Kambiranani musanayatse kamera, ndipo mulemberane ngakhale pa WhatsApp pomwepo.

Anthu si chinthu chokhacho chimene munthu amabweretsa pa kolabo. Wina ali ndi foni ya kamera yabwino. Wina amadziwa kukonza mawu kuti mphepo ya mu Julayi isamveke ngati ndege. Wina amalemba nkhani yokhala ndi mutu ndi mchira. Wina amalume ake ali ndi minibasi yoima pa Sabata, kapena amadziwana ndi amayi a mumsika wa Tsoka moti akhoza kujambula pakati pawo popanda kuthamangitsidwa. Mnyamata wa ku Kawale uja, mwachitsanzo, amalemba bwino kuposa ambiri amene ndawaona, ndipo wa ku 49 vuto lake lenileni ndi lakuti nthabwala zake zayamba kubwerezabwereza. Nambala inamubisira mankhwala a nthenda yake. Palinso udindo: mnzako akaika nyimbo ya eni popanda chilolezo, dandaulo ligwera tchanelo chimene chaika kanemayo, ndipo YouTube imatseka tchanelo chikalandira zilango zitatu za kuba ntchito za eni. Kuno kwathu lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 lilipo, ndipo COSOMA ndiyo imayang'anira zimenezi. Wamkulu ali ndi zambiri zoti ataye, n'zoona, koma chomuteteza ndi kudziwa khalidwe la mnzakeyo pa ntchito, osati kuchuluka kwa omudinira.

Nthawi zina malirewa amakhala chiyambi chabe cha malonda. "Sunafike pa 1,000, koma ukaponya kenakake tikhoza kuona." Oimba athu anazolowera zimenezi: wotchuka amalipiritsa kuti aike vesi m'nyimbo ya woyamba kumene. Ine sindiona tchimo pa kulipiritsa, bola zinenedwe poyera kuti uku ndi kutsatsa, mtengo wake ndi uwu, ndipo upeza chakutichakuti. Chimene chimandinyansa ndi kuzitcha kolabo, kumulipiritsa mwana wa eni thiransipoti ndi chakudya cha masana, kumugwiritsa ntchito ngati wonyamula nyale, kenako n'kumuonetsa masekondi asanu kumapeto. Ndinaonapo zoterezi zikuchitikira mtsikana wina wa ku Chinsapo, ndipo anasiya kujambula kwa miyezi. Wolipira nayenso adziwe chimene akugula: anthu obwera chifukwa wotchuka wawauza kuti "kamudinireni" amachoka msanga ngati sapeza chowasunga.

Tsono taganizirani aliyense atatsatira lamulo la wa ku 49. Iye wa 2,600 akukana wa 340. Nayenso akalembera wa 20,000 amauzidwa kuti abwere akafika 10,000. Wa 20,000 akuyang'ana amene ali ndi chikwangwani chasiliva chimene YouTube imapereka pa 100,000. Aliyense maso ali kumwamba, palibe woyang'ana pambali, ndipo mapeto ake palibe kolabo imene ichitike kupatula ya anthu ochepa a pamwamba amene akudziwana kale. Kumaiko kumene opanga makanema ali miyandamiyanda, ukhoza kukana anthu 50 n'kupezabe woyenera wa msinkhu wako m'tauni yomweyo. Mu Lilongwe, mzinda umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu osakwana miliyoni imodzi, opanga makanema a mtundu wako amene amaika ntchito mokhazikika ukhoza kuwawerenga ndi zala. Komanso makwerero amenewa amatembenuka. Kanema mmodzi akhoza kumutenga wa 340 n'kumuika pa 8,000 m'sabata ziwiri, ndipo uthenga uja wa "ukafika tidzakambe" amakhala akadali nawo m'foni. Ngakhale YouTube yomwe inaona kuti aang'ono akukwiririka: mu Seputembala 2024 inalengeza Hype, njira yoti oonera akankhire m'mwamba makanema a matchanelo a ma subscriber osakwana 500,000, ndipo inaikonza kuti tchanelo chikachepa, mphamvu ya kukankhako izikula.

Ndiye wofuna kuteteza nthawi yake atani? Asiye kufunsa nambala ya pachipumi, afunse ya m'kati. YouTube Studio imaonetsa za masiku 28 apitawa, ndipo kujambula tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp sikutenga mphindi. Pamenepo uona kuti makanema aoneredwa kangati, anthu amakhala mphindi zingati, obwereranso ndi angati, ndipo ali m'maiko ati. Tchanelo cha nthabwala za Chichewa chimene oonera ake ambiri ali kumaiko kumene kulibe Amalawi chadziulula chokha. Uonenso kuti mwa anthu amene aonetsedwa chithunzi cha kanema, ndi angati amadina. YouTube imati theka la matchanelo onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti, ndiye wopezeka m'menemo ali bwinobwino. Kenako tsegula makanema ake asanu omaliza, uone madeti ake, uwerenge ndemanga. Ndemanga 15 za anthu otchula zimene zawaseketsa zimanena zambiri kuposa 200 zongoti "nice". Ngati ukufunabe malire, akhale oyerekeza ndi msinkhu wako, monga kunena kuti ndimagwira ndi amene makanema ake amaoneredwa kosachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a anga, ndipo usiye kakhomo kotsegula kwa wobwera ndi ganizo labwino kapena luso limene iwe ulibe. Malire otere amakula nawe limodzi, ndipo sangagulidwe usiku umodzi.

Wopemphayo nayenso ali ndi mbali yake, ndipo apa ndinamudzudzula mnyamata wanga. Uthenga wake woyamba unali wakuti, "Boss, tipange kolabo." Basi. Ameneyo ndi munthu wobwera kudima wopanda khasu. Sananene kuti kanemayo ndi wa chiyani, atenga maola angati, ajambulira kuti, akonza ndani, ndipo mnzakeyo apindula chiyani. Uthenga wotere umachita kuitana yankho la nambala, chifukwa palibe china choti munthu ayeze.

Tinakhala pansi n'kulembanso. Anafotokoza sewero lake: landilodi ndi wa lendi wake apezeka kuti onse ali ndi ngongole kwa mayi mmodzi wa banki m'khonde, ndipo akubisalirana pamzere womwewo. Anati makanema akhala awiri, sewero lalikulu pa tchanelo cha wa ku 49, kachidutswa ka zimene zinachitika pojambula kwa iyeyo. Kukonza achita yekha ndi ine. Malo ndi khonde la azakhali ake ku Kawale 2. Maola atatu, Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere. Anaphatikizapo chithunzi cha masiku ake 28. Wa ku 49 anawerenga tsiku lomwelo, zizindikiro ziwiri zija zinasanduka za buluu, koma anakhala chete masiku anayi. Lachisanu usiku anayankha kuti Loweruka ili ali ndi ukwati woti akajambule ku Likuni, koma linalo ali mfulu, ndipo anafunsa ngati mbali ya landilodi ingakhale yake.